Khonde Lopanda Abale

Loweruka limenelo banja lonse la a Gabaldón lidasonkhana kuseri kwa nyumba ya Erlinda ku Belén kudzasenda tsabola. Udali mwezi wa Seputembala, ndipo matumba anayi a tsabola wobiriwira adali atangochoka kowotcha, akadali kufuka nthunzi. Erlinda adakhala kumutu kwa tebulo monga ankachitira chaka ndi chaka. Adali mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Mwamuna wake Eusebio adamwalira zaka zitatu zapitazo atadwala nthawi yaitali, ndipo maliro atangotha mwana wake Loretta adasamukira m'nyumbamo pamodzi ndi mwamuna ndi ana, kuti amayi ake asamakhale okha.

Foni ya m'nyumba italira, Loretta ndiye adathamangira kukayankha. Adakhalitsako. Pobwera sadakhalenso pampando wake, adangoima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mamá, mwayamba liti ntchito ya unamwino?"

"Ukuti chiyani, mija, mwana wanga?"

"Amaimbawo ndi achipatala cha ku Albuquerque. Akufuna kutsimikiza ngati Mayi Erlinda Gabaldón adzabweredi Lachitatu kudzadikirira a Vernon Haskett, amene akukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Akuti pamalo polemba m'bale wapafupi, bamboyo analembapo dzina lanu."

Manja onse patebulopo adaima. Erlinda adamva kutentha kumaso ngati wadzigwira ndi zala za tsabola. Vernon adali bambo wamasiye amene adapuma ntchito ya kunjanji. Adadziwana miyezi isanu ndi itatu yapitayo kumalo kumene achikulire a m'tauniyo amadyera nkhomaliro pamodzi, ndipo kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse ankapita awiri kukakhala m'mphepete mwa mtsinje. Erlinda ankadziwa kuti Vernon amatsimphina. Za opaleshoni sankadziwa kanthu.

"M'bale wapafupi!" adatero Melquiades, mlongo wake wamkulu wa Erlinda, akugwetsera tsabola m'beseni. "Linda, iwe ndi gringo uja, mzungu wako uja, chibale chanu chayamba liti? Nanga ine ku ubatizo wake bwanji sindinaitanidwe?"

Ena adaseka, koma Loretta sadaseke, adangoyang'anitsitsa amalume akewo.

"Palibe choseketsa apa, Tío. Zaka zisanu ndi chimodzi amayi akusambitsa Papá, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Msana wawo mpaka lero sunawongoke. Ndiye wina wangoyang'ana n'kuona kuti nawa mayi ozolowera kale ntchito, osafuna ngakhale kuwaphunzitsa."

"Vernon si munthu wotero," adatero Erlinda motsitsa mawu.

"Nanga bwanji sanakuuzeni? Nkhope yanu ikuchita kuonetseratu kuti mwamvera kwa ine."

Melquiades adavula magolovesi, nthabwala zitamuthera.

"Ine changa n'chimodzi, Linda. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, wobereka, akukagona pansi pa mpeni wa dokotala. Palibe mwana, palibe mphwake, palibe ngakhale msuweni woti amulembe papepala. Tsiku lija Eusebio ankachitidwa opaleshoni tinadzaza khonde lonse mpaka mlonda anatithamangitsa. Munthu amene mwana wake sabwera, anamuchita chiyani mwanayo? Ndikadzaona magazi ake atakhala pakhonde kumudikirira, ndidzamupatsa moni ndi manja awiri, ndipo pakhomo pano adzadya nafe. Zisanatero, usandiuze za iyeyo."

Erlinda adatenga tsabola wina n'kuyamba kusenda. Khungu lake linkakanirira, ndipo adamung'amba pakati.

* * *

Mawa lake, Misa itangotha, Erlinda adayendetsa galimoto kuwoloka njanji mpaka kunyumba kwa Vernon. Pabwalo adapeza galimoto yofiira imene ankaidziwa bwino. Idali ya Marjean Tuttle, mayi wamasiye amene adali mnzake wapamtima wa malemu mkazi wa Vernon, ndipo ankalowa m'nyumbamo mosagogoda.

Marjean adali kukhitchini akulongedza mbale zovindikira mufiriji, iliyonse ataimata kapepala ka tsiku lake.

"Oo, Erlinda! Mwatchenatu. Pondani bwino, ndangokolopa kumene." Adaloza pepala lalikulu limene lidamatidwa pachitseko cha firijiyo. "Musadandaule ndi kanthu, masiku omusamalira akatuluka m'chipatala tinakonza kalekale. Lachinayi ndi ine, Lachisanu ndi mnzake Dale, Loweruka ndi inenso. Anzake tilipo asanu ndi mmodzi. Inu muli ndi chigulu cha adzukulu choti muzichiphikira, sitinafune kukusenzetsani katundu wina."

"Zikomo pondiganizira," adatero Erlinda.

"Komanso Vernon tsabola samuyanja, amamuwotcha pamtima. Mwina sanakuuzeni. Ulemu wake umamupweteka yekha."

Vernon adatulukira akutsamira ndodo, wamtali, tsitsi lake loyera litaima kumbuyo. Ataona nkhope ya Erlinda sadafunse kanthu. Adangomutsegulira chitseko cha kukhonde, ndipo adakakhala pamipando iwiri yoyang'ana kudimba la tomato.

"Bambo Haskett, mwandichititsa manyazi pamaso pa ana anga."

"Mukanditchula choncho ndimadziwa kuti zavuta," adatero Vernon. Adayang'ana ndodo yake kwa kanthawi. "Ndinafuna kukuuzani Lachinayi lija kumtsinje. Kenako munayamba kukamba za Eusebio, za fungo la chipatala limene simufuna kudzalimvanso, ndiye mawu anandithera m'kamwa. Sindikufuna namwino, Erlinda. Anamwino ndili nawo asanu ndi mmodzi, mwawaona pafiriji. Koma mtsikana wa kuchipatala uja anandifunsa kuti, mukadzatsitsimuka mukufuna tidzakuitanireni ndani? Ndinangozindikira dzanja lalemba kale."

Mkwiyo umene Erlinda adagona nawo udayamba kusungunuka, ngakhale iye sadafune kuti usungunuke msanga chotero.

"Mukanandifunsa."

"Ndikanakufunsani. Ndinalakwa. Ndikufunsani tsopano."

"Ndidzabwera," adatero Erlinda. Kenako adafunsa chimene chidamubweretsa. "Nanga Janelle adzafika liti?"

Nkhope ya Vernon idasintha. Janelle adali mwana wake yekhayo, ndipo ankakhala kutali ku Omaha.

"Janelle sakudziwa."

"Sakudziwa? Vernon, ndi mwana wanu!"

"N'chifukwa chake. Ali ndi ntchito, ali ndi mwamuna, ali ndi ana awiri. Sindinamulere kuti adzasiye zonsezo kudzandiveka masokosi."

"Munayambana?"

"Ayi ndithu. Timaimbirana Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse."

Erlinda adamuyang'ana modabwa. Kwawo, mwana woimbira kholo lake kamodzi pamwezi ndiye kuti pali mlandu waukulu. Iye Loretta akangochedwa kuchokera kusitolo ankamuimbira kawiri.

"Ndidzamuuza ndikachira, ndikadzayamba kuyenda ngati munthu," adapitiriza Vernon. Adagwira dzanja la Erlinda. "Chonde, zimenezi zisiyeni mmene zilili."

"Ndamva," adatero Erlinda. Sadanene kuti walonjeza.

Potuluka adadzeranso kukhitchini. Marjean adali atapita kukatenga zinthu m'galimoto. Pambali pa pepala la masiku lija padali kapepala kena ka manambala a foni, ndipo dzina loyamba lidali la Janelle. Erlinda adatulutsa m'chikwama pepala la nyimbo za pa Misa, nakopera nambalayo kuseri kwake.

* * *

Lolemba m'mawa, ana atapita kusukulu ndipo Loretta ndi mwamuna wake atapita kuntchito, uthenga wochokera kwa Vernon udalowa pafoni ya Erlinda.

"Mwadzuka bwanji? Pepaninso za dzulo. Marjean wandiletsa khofi. Ndikumwera m'galaja ngati mbava."

Erlinda adamwetulira, koma mtima wake udali kale pa zina. Adayala pepala la nyimbo lija patebulo. Ankadziuza kuti amuna onse ndi amodzi, kunyada basi. Eusebio nayenso ankati asauze munthu za matenda ake, koma abale atadzaza nyumba adalira ndi chimwemwe. Adaganiza za Vernon akutsegula maso n'kupeza mwana wake ali pambali. Adaganizanso za mwanayo: bwanji ngati china chake chitalakwika pa tebulo la dokotala, Janelle n'kudzamva kwa alendo kuti abambo ake adapita iye ali kuntchito? Tchimo limenelo Erlinda sadafune kukhala nalo mbali. Ndipo pansi pa zonsezo, ngakhale sadafune kuvomera, padali mawu a Melquiades.

Foni idaitana katatu.

"Halo, ndine Janelle."

"Mwana wanga, simundidziwa. Dzina langa ndine Erlinda, mnzawo wa abambo anu kuno ku Belén."



"Atani adadi? Agwanso?"

"Ayi, sanagwe. Koma Lachitatu akukachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Iwo sakufuna kukuvutitsani. Ine ndine mayi, ndili ndi ana, ndaona kuti si bwino kuti mwana asadziwe."

"Akhala akudziwa kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Ndikuganiza kuti ndi miyezi iwiri."

"A Marjean akudziwa? A Dale?"

"Onse akudziwa. Agawana kale masiku owasamalira."

Erlinda adamva mayiyo akupumira m'mwamba.

"Ndinayankhula nawo masabata awiri apitawa. Theka la ola akundiuza za tomato wawo." Kenako mawu ake adafewa. "Zikomo, mayi. Pa anthu onsewo ndinu nokha amene mwandiona ngati mwana wawo. Ndibwera."

Erlinda ataika foni pansi adachita chizindikiro cha mtanda. Kenako adaimbira mlongo wake.

"Achimwene, Lachitatu musapite kwina kulikonse. Mubwere ku Albuquerque mudzaone nokha."

* * *

Lachitatu Vernon adalowa m'chipinda cha opaleshoni nthawi ya eyiti koloko m'mawa. Asanamukankhe pa kabedi kamatayala adafinya dzanja la Erlinda n'kunena kuti, "Ndikapanda kudzuka, tomato ndi wanu. Marjean amamuthirira mopyola muyeso."

"Mudzuka, musandiyankhulire zopusa," adatero Erlinda, misozi ili m'maso.

Pakhonde lodikirira padali Marjean yekha, atakhala pakona ndi buku. Dale ndi anzake ena adali atatumiza mauthenga kuti adzabwera aliyense pa tsiku lake. Erlinda adakhala kumapeto ena a mipando natulutsa korona. Khondelo lidali lalitali, loyera, lopanda munthu, ndipo adamumvera Vernon chisoni chachikulu.

Lisanathe ola, chikepe chidatseguka. Adatulukamo Melquiades atavala chipewa chake cha Lamlungu, kenako Loretta atanyamula dengu, kenako azilamu awiri, msuweni wina ndi mkazi wake. Adakhala mozungulira Erlinda mpaka mipando idatha.

"Musaganize kuti tabwerera a Vernon," adatero Loretta akumasula nsalu ya padengu. "Tabwerera inuyo. Mayi anga sangakhale okha pakhonde la chipatala ngati alibe ana. Idyani, sindikufuna mukomoke."

Fungo la nyemba ndi tsabola lidadzaza khonde lonse. Melquiades adatenga chakudya china n'kupita nacho pakona.

"Mayi, landirani. Buku silikhutitsa."

"Zikomo, ndadya kale," adatero Marjean. Adayang'ana gulu lonselo, kenako Erlinda. "Kodi onsewa akumudziwa Vernon?"

"Ayi," adayankha Melquiades. "Koma tikumudziwa amene akumudikirira."

Nthawi itangopitirira leveni koloko dokotala adatuluka n'kuitana dzina la Erlinda. Zonse zidayenda bwino, adatero, wodwalayo adzuka posachedwa. Erlinda adathokoza dokotalayo n'kukhala pansi.

Nthawi yomweyo chikepe chidatsegukanso. Adatuluka mayi wamtali wa zaka za m'ma makumi anayi, akukoka kasutikesi, maso ali ofiira chifukwa cha ulendo. Chibwano chake chidali cha Vernon chenicheni. Marjean adaimirira, buku lidagwa pansi.

"Janelle? Wabwera bwanji kuno?"

"Pandege, a Marjean," adayankha mayiyo mosamwetulira. Adayang'ana gulu lija. "Mayi Erlinda ndi ati?"

Erlinda adaimirira, ndipo Janelle adamukumbatira mwamphamvu pamaso pa onse. Melquiades adavula chipewa. Adayang'ana mlongo wake n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, monga munthu amene wavomera kugonja. Ngakhale Loretta adasendera kuti mlendoyo apeze pokhala. Erlinda adamva mtima wake ukudzaza. Sadaone kuti Marjean adali atagwira pakamwa, nkhope itayera ngati khoma.

* * *

Masana namwino adalola anthu awiri okha kulowa. Erlinda adatsogola, Janelle adatsalira pang'ono kukayankhula ndi dokotala.

Vernon adali atatsegula maso. Ataona Erlinda adamwetulira mofooka natambasula dzanja.

"Mwabweradi."

"Ndinanena kuti ndibwera. Ndipo sindili ndekha. Banja langa lonse lili panja, Melquiades wavula chipewa chifukwa cha inu."

"Ndafa kodi?"

Erlinda adaseka, akupukuta misozi. Chitseko chidatseguka kumbuyo kwake. Maso a Vernon adasunthira kumeneko, ndipo kumwetulira kuja kudazima pang'onopang'ono.

"Janelle."

"Adadi." Janelle adawerama n'kumupsompsona pamphumi. Adakhala m'mbali mwa bedi nagwira dzanja linalo. "Sindikukalipirani lero. Dokotala wati zayenda bwino, ndathokoza Mulungu. Koma mukudziwa zimene tinagwirizana."

"Osati pano, mwana wanga."

"Mukanandiuza miyezi iwiri yapitayo bwenzi tili ndi nthawi yosankha pokambira. Chaka chija munagwa m'bafa n'kugona pansi tsiku lathunthu, ndinakupemphani kuti tipite ku Omaha, munakana. Munalumbira pamanda a amayi kuti mukadzangogonekedwanso m'chipatala, simudzatsutsa. N'chifukwa chake nyumba munailembetsa m'dzina langa, kuti ikadzafika nthawi ndisadzavutike kugulitsa." Adapukuta m'maso. "Ndinaimba Lolemba lomwelo kunyumba yosungirako okalamba ija tinakaona. Chipinda chilipo, chapansi, chopanda masitepe, mphindi khumi kuchokera kwathu. Atisungira kwa masabata atatu."

Erlinda adatembenuka. Adayang'ana Vernon kuti atsutse, kuti aseke, kuti anene kuti mwanayo akukokomeza. Vernon adangotseka maso.

"Ndinkafuna kuti udzandipeze ndikuyenda," adatero motsitsa. "Ukanandiona ndikuyenda bwinobwino, sukanakhala ndi chonena." Adatsegulanso maso. "Wakuuza ndani? Dale? Pakamwa pake paja sipatsekeka."

"Anzanuwo onse anandibisira, adadi. Wandiuza ndi mayi awa. Muwathokoze."

Vernon adatembenuza mutu papilo. Adamuyang'ana Erlinda nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene adaonera nkhope imeneyo.

"Erlinda," adatero. "Ndinakupemphani."

"Sindinadziwe, Vernon. Simunandiuze chifukwa chake. Ine ndimati..."

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi."

Adachotsa dzanja lake m'dzanja la Erlinda n'kuliika pachifuwa. Kenako adayang'ana kukhoma.

* * *

Marjean adali kumudikirira Erlinda panja pa chitseko, kutali ndi gulu lija. Ukoma wonse wa m'mawu ake udali utatha.

"Anthu asanu ndi mmodzi, Erlinda. Miyezi iwiri tikusunga pakamwa. Dale waika zogwirira m'bafa ndi manja ake, ine ndaphunzira kumanga mabala pa zaka zanga zino. Mukuganiza kuti tinkachitira chiyani? Kuti akhale m'nyumba mwake, pakati pa anthu amene amamudziwa. Inu tsiku limodzi lokha mwagwetsa zonse."

"Bwanji simunandiuze?"

"Iyeyo anatiletsa. Ankachita manyazi kuti mudziwe zoti nyumba si yakenso, zoti mwana wake angathe kumunyamula ngati katundu. Ankafuna muzimuona ngati mwamuna." Marjean adayang'ana kuchitseko. "Ine ndinavomera kale kuti sanandisankhe. Ndinkati bola ndizimuona Lachinayi ndi Loweruka. Tsopano tonse awiri tilibe kanthu."

Adatola chikwama chake n'kulunjika kuchikepe, buku lake n'kulisiya pakhonde paja.

Erlinda adabwerera pakhonde akuyenda ngati wodwala ndi iyeyo. Melquiades adamuchingamira, nkhope ili yowala.

"Linda, ndinalakwitsa, ndipo ndikuvomera pamaso pa anthu. Mwana wouluka mtunda wonsewo sachokera kwa bambo woipa. Akangotuluka muno ubwere naye kunyumba. Mpando wa pafupi ndi ine ndi wake, ndipo tsabola timuchepetsera."

"Mamá, mwatani?" adafunsa Loretta, amene adali ataona kale nkhope ya amayi ake. "Chachitika n'chiyani m'katimo?"

Erlinda asanayankhe, Janelle adatulukira. Adabwera molunjika kwa iye, akufufuza m'thumba la jekete.

"Agona. Ati kwa masiku angapo sakufuna alendo, koma musadandaule, ndi mankhwala akuwayankhulitsa." Adatulutsa kiyi womangidwa kukachingwe kachikopa. "Mayi Erlinda, ndili ndi pempho. Ine Lamlungu ndiyenera kubwerera kuntchito, ndidzabweranso kudzawatenga pakatha masabata atatu. M'nyumba muja muli katundu wa zaka makumi anayi. Anzawo aja sindingawakhulupirirenso, adzangochedwetsa dala. Ndinu nokha amene mwandiuza zoona. Mungandithandize kulongedza? Makatoni ndigula mawa."

Adaika kiyiyo m'dzanja la Erlinda n'kulifumbatitsa ndi manja ake awiri.

"Kudzawatenga kupita nawo kuti?" adafunsa Melquiades, akuyang'ana uyu ndi uyu.

"Ku Omaha, bambo. Akusamuka."

Loretta adayang'ana amayi ake, ndipo Erlinda adaona m'maso mwa mwana wakeyo chisoni chenicheni, komanso kumbuyo kwa chisonicho kampumulo kamene sadathe kukabisa. Kiyi adali wozizira. Erlinda adaganiza za bambo amene adayang'ana kukhoma, amene mwina sadzafunanso kumva dzina lake, ndipo adadziwa kuti ngakhale zitatero, manja amene adaimba foni ija sadzakulunganso mbale za munthuyo m'manyuzipepala.

"Mungayambe Lolemba?" adafunsa Janelle.

Erlinda adatsegula chikwama, naikamo kiyiyo, n'kutseka.

"Lolemba ndidzapita kunyumbako, mwana wanga," adatero. "Koma makatoniwo musagule. Ndikukayala bedi la abambo anu, ndipo ndidzakhala komweko mpaka atayamba kuyenda ndi miyendo yawo."

"Mamá!" adakuwa Loretta.

Janelle adabweza manja ake pang'onopang'ono.